Kambuku Ali Kuseri kwa Chala

Aliyense amene anakulira mumsewu wa kuseri kwa msika amaidziwa nyamalikiti, ngakhale sanapondeko kutchire. Anaidziwira m'kanyumba kometera ka a Lumo, kamene kanapanikizika pakati pa shopu ya zitsulo ndi ya wokonza nsapato. Kanyumbako n'kakang'ono, moti benchi ikadzaza otsalawo amadikirira pakhonde. Muli mpando wozungulira umene unaleka kuzungulira kalekale, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi shelefu ya mashini ometera, zipeso, malezala ndi botolo la sipiriti. Koma chimene chinatchukitsa malowo si mpando kapena galasi ayi. Ndi zithunzi za nyama.

Ometa ena amagwira mutu wa munthu n'kumaupotokola ngati akusankha dzungu pamsika. A Lumo ankati mutu wa munthu sukankhidwa, umapemphedwa. N'chifukwa chake zithunzi zawo sanazipachike mwachisawawa, chilichonse chinali ndi ntchito yake. Nyamalikiti inali m'mwamba pafupi ndi denga. Akafuna kumeta ndevu za pansi pa chibwano ankangoti, "Taonani nyamalikiti," munthu n'kukweza mutu yekha. Njiri inali pansi penipeni, kunsi kwa shelefu, ya pometa kunkhongo. Mbidzi inali kumanzere, njovu kumanja, zimenezo za m'mbali mwa makutu. Mkango unali wa ana olira. Ankawanong'oneza kuti mkangowo wagona, ndipo aliyense wolira ndiye audzutse. Ana ambiri a mumsewumo anaphunzira kumeza misozi pamaso pa mkango umenewo, ena lero ali ndi ndevu zawozawo ndipo amaupatsabe ulemu.

Pa chithunzi chilichonse, pakona ya m'munsi, panali chinthu chofiirira, chosaoneka bwino, chobulungira kumapeto. Obwera kumene ankachiyesa chulu, ena mwala. Chinali chala cha akazi awo a Lumo, amene anthu onse ankawatchula kuti a Telala.

A Telala ankasoka mayunifolomu. Chaka china, mwana wawo wamkazi akadali wa kusukulu ya pulayimale, a Telala anapatsidwa ntchito yosokera antchito a kumalo ogona alendo m'nkhalango ina yosungira nyama. Anasoka bwino, makolala oima ngati a asilikali, ndipo mkulu wa malowo anakondwa. Anati galimoto yodzatenga katunduyo ibwerera ndi mipando yopanda anthu, choncho a Telala akwere ndi amuna awo akaone kumene malaya awo akukagwira ntchito. Anabwereka kamera kwa mphunzitsi woyandikana nawo nyumba, nagula filimu imodzi. Pangano linali lakuti wojambula akhala a Lumo, poti dzanja la wometa silinjenjemera.

Dzanjalo linanjenjemera pa njovu yoyamba. Itangokupiza makutu n'kuponya mwendo umodzi kutsogolo, a Lumo anagwira chitsulo cha galimoto ndi manja onse awiri, kamera n'kugwera pamiyendo pa akazi awo. A Telala anaitola, ndipo sanaibwezenso mpaka ulendo unatha. Vuto linali limodzi. Munthu amene wakhala pa mashini osokera moyo wake wonse amatsogoza chala cha mkombaphala, chifukwa ndicho chimalondolera nsalu ku singano. Kamera anaigwiranso chimodzimodzi, chala chili patsogolo, chikusuzumira padiso la kamerayo.

Atatsukitsa filimu, a Lumo anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde la situdiyo. Kuyambira tsiku limenelo nthabwala ya chala inakhala mbali ya kumeta. Ankauza makasitomala kuti nyama imene anaiona kwambiri paulendowo ndi chala, kuti chinkawatsata kulikonse, kudambo chilipo, kumtsinje chilipo, ndipo kamera akanagwira ndi iwo bwenzi zithunzizo zikupachikidwa m'mahotela. A Telala masana ankabwera ndi chakudya m'kontena, n'kukhala pabenchi akupinda mpendero wa diresi ya munthu. Osadzutsa mutu ankayankha kuti, "Chala changa chinaona nyama. Nanga inu bambo munaona chiyani, mutatsinzina muja?"

Ulendo unali umodzi womwewo, sanapitenso kwina. Koma m'kanyumbamo unakhala ngati sunathe. A Lumo ankaufotokoza tsiku ndi tsiku, lumo likulira m'khutu mwa munthu: fumbi lofiira lomwe linawalowa m'mano, kununkha kwa udzu m'mamawa, mbidzi zomwe zinawayang'ana ngati iwo ndiwo achilendo, ndi mmene akazi awo anavulira nsapato n'kuponda pampando kuti aone bwino, woyendetsa galimoto akuwachonderera kuti akhale pansi. Njovu ija inkakula chaka ndi chaka. Mantha a eni nkhani okha ndiwo ankachepa.

A Telala eni ake sankalola kujambulidwa. Wina akawaloza ndi kamera ankaphimba nkhope ndi nsalu iliyonse imene ili m'manja. "Chithunzi changa n'chachiyani, ngati ndikuthawa?" Za paukwati zinalipo, koma chiswe chinazidyera m'sutikesi. Ndiye dzinja lina anadwala, matenda osachedwetsa munthu, ndipo mvula isanathe anapita. Abale anafufuza m'nyumba monse, m'mabuku, m'zikwama, pansi pa matiresi, osapeza nkhope yawo paliponse. M'pamene a Lumo anazindikira kuti padziko lonse lapansi chimene chatsala chooneka cha akazi awo ndi chala chija, pakona pa mbidzi, pa njovu, pa njiri. Nthabwala ija anaileka. Anthu sanadabwe, anangoti yakalamba. Sanadziwe kuti akanena kuti "Taonani njiri," nawonso ankaponya diso komweko, ndipo sankayang'ana njiri.

Zimenezi sanauzepo munthu, ngakhale mwana wawo. Mwanayo anakula n'kukhala namwino pachipatala chaching'ono cha m'tauni momwemo, ndipo mumsewumo ankamutchula kuti a Nesi. Chimene iye ankakumbukira cha ubwana wake chinali chakuti bambo ake ankadandaula tsiku lililonse kuti chala chinawaonongera zithunzi.

Chaka chino ng'ala inawaphimba diso a Lumo. Anayamba kumeta mongopapasa, ndipo atadula khutu la mnzawo wakale, a Dazi, mwana wawo anawakakamiza kukachitidwa opareshoni. A Dazi ndi munthu amene tsitsi linamuthawa akadali mnyamata, koma sabata iliyonse amakhala woyamba pampando, ati kudzakonzetsa m'mphepete. Zoona zake n'zakuti amadzera nkhani. Iwowo ndiwo anati khutu lawo lapulumutsa anthu a mumsewu wonse.

Nthawi imene bambo ake ankachira kunyumba kwake, diso lili lomata, a Nesi anaganiza zowapatsa mphatso. Zithunzi zija zinali zitasuluka ndi dzuwa, m'mphepete mwapindikapindika, selotepi yasanduka yachikasu. Komanso abale a pagulu la pafoni, makamaka adzukulu okhala kutali, ankangomva za ulendowo osaonapo kanthu. A Nesi anatenga kiyi wa kometera pamsomali, nakamatula zithunzi zonse, n'kupita nazo kusitudiyo ya pafupi ndi siteshoni ya basi. Anapempha wojambula kuti azikonze zikhale zatsopano, aziike m'mafelemu, ndipo koposa zonse achotse chala chimene chavutitsa bambo ake zaka zonsezi.

Tsiku lobwerera kuntchito a Lumo anapeza a Dazi ali kale pakhonde, ndevu zitamera ngati thengo, akuti akana kumetedwa ndi wina aliyense. Atatsekula chitseko, kanyumba kanawala. Nyama zonse zinali m'malo mwake, nyamalikiti m'mwamba, njiri pansi, koma mizere ya mbidzi inali yakuda bii, udzu wobiriwira ngati mvula yangogwa kumene. Poyamba a Lumo anayesa kuti ndi diso latsopanolo, mpaka anayamika madokotala mumtima. Foni m'thumba inkangolira, abale akutumiza mawu oyamikira zithunzi zatsopano zimene a Nesi anaika pagulu lija, mdzukulu wina akufunsa ngati agogo anaukhudza mkangowo. A Dazi anati tsopano malowo afanana ndi ofesi, ndipo mtengo wometera usakwere chifukwa cha mafelemu.

A Lumo anawafunditsa nsalu a Dazi, napaka sopo, nameta tsaya limodzi. Kenako anafuna kuyeretsa kunkhongo.

"Taonani njiri," anatero, nawonso n'kuyang'ana monga mwa masiku onse.

Pakona panali udzu wokhawokha. Anasuzumira pafupi, natsinzina diso lakale, natsinzinanso latsopano. Udzu. Anapita pa mbidzi, napeza mchenga. Pa njovu panali chitsamba chimene iwo sanachionepo kunkhalango kuja. Anakwera pabenchi kuyang'ana nyamalikiti, munthu woti dokotala anamuletsa kukwera pamalo aatali. A Dazi anafunsa ngati mwalowa njoka. A Lumo anatsika, naika lezala pashelefu, nawauza kuti asunge shopu abwera posachedwa. Anatuluka atavala epuloni.

Anampeza mwana wawo pakhonde la chipatala akukankha tebulo la mankhwala. Atawaona anamwetulira, akudikira kuyamikidwa, nawafunsa ngati aona mmene wojambula uja wagwirira ntchito, moti munthu sangadziwe n'komwe kuti panali chala. A Lumo anavomera kuti ntchito ndi yabwino. Kenako anafunsa kumene kuli zakale zija. A Nesi anati zinatsala kusitudiyo. Wojambula anafunsa ngati azisunge, iye n'kumuuza kuti alibe nazo ntchito, zinkanunkha chinyontho.

"Bwanji ababa? Si inu munkati chala chinakuonongerani zithunzi?"

"Ndinkatero amako ali pabenchi kuti andiyankhe," anatero a Lumo motsitsa mawu. "Chala chija ndi amako, mwanawe. Kwina ndilibe kowaonera."

A Nesi anaima chilili, dzanja lili pa tebulo la mankhwala. Sanalire pomwepo, poti pakhondepo panali odwala. Analowa m'chipinda, nanong'onezana ndi mnzake wa ntchito, natuluka atanyamula kachikwama. Onse awiri analunjika kusitudiyo kuja. Iye ankayenda patsogolo mofulumira, kenako n'kukumbuka diso la bambo ake, n'kubwerera kudzawagwira mkono podutsa ngalande.

Wojambula anali bambo wansangala, wa magalasi okhuthala, ndipo anawalandira ngati anthu odzathokoza. Asanakhale n'komwe pansi anayamba kufotokoza mmene anavutikira, kuti pochotsa chala pamatsala dzenje, ndiye ankatenga udzu wa mbali ina ya chithunzi n'kumaudzala pamenepo pang'onopang'ono, ndipo chitsamba cha pa njovu anachita kubwereka pa chithunzi cha kasitomala wina. A Nesi anamudula mawu n'kufunsa za mapepala akale. Iye anati anapita ndi ngolo ya zinyalala sabata yatha. Nanga m'kompyuta? Anati kompyuta yake ndi yokalamba, imadzaza msanga, choncho akamaliza ntchito amasunga zokonzedwa zokha, zoyambazo amafufuta. Anafufuzabe pamaso pawo, kutsekula apa, kutsekula apo. Munalibe.

Atamva chifukwa chake, nsangala zinamuthera. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Pofuna kukonza zinthu anati akhoza kujambula chala cha achemwaliwa n'kuchiika pamakona onse, poti magazi ndi amodzi, palibe angasiyanitse.

A Lumo anapukusa mutu. Anati chala cha akazi awo chinali ndi mzere pachikhadabo, pamene singano ya mashini inaboola akusoka diresi ya ukwati wa munthu wina, ndipo chikhadabocho chinkamera chogawanika mpaka tsiku lomaliza. Pazithunzipo mzerewo sunkaoneka kwenikweni, koma iwo ankadziwa kuti ulipo. Anaimirira, nauza mwana wawo kuti madzi akatayika saoleka, azipita, a Dazi akudikira ndi ndevu za tsaya limodzi.

Ali pakhomo, wojambula anawaitana. Anati pali chimodzi chimene chinamukanika, ndipo anachiponya m'dirowa kuti adzafunse eni ake, kenako n'kuiwala. Anachipeza chitamatirira kuseri kwa chithunzi cha mkango. Chimenecho, anati, ukachotsapo chala sipatsala nyama.

A Lumo anachilandira ndi manja awiri. Anachidziwa asanachiyang'anitsitse. Chinali chomaliza pa filimu ija, ndipo ankayesa kuti chinatayika kalekale. Ndicho ankasekera kwambiri masiku oyambirira, kuchionetsa kwa aliyense wolowa, mpaka tsiku lina chinasowa. A Telala atafunsidwa anangoti mwina chapita ndi mphepo, maso ali pa singano. Kani anachibisa kuseri kwa mkango, podziwa kuti amuna awo ngakhale wa papepala sangayerekeze kuusuntha.

Unali m'mawa wotsiriza wa ulendo uja. Woyendetsa galimoto anazimitsa injini pansi pa mtengo waukulu n'kunong'ona kuti m'mwambamo muli kambuku. Onse anamuona kupatula a Lumo. Ankangoona masamba. A Telala anawauza kuti ayang'ane nthambi yachiwiri, iwo osaona. Anawauza kuti atsate pamene pali mthunzi, osaonabe. Pamapeto pake anagwira kamera ndi dzanja limodzi, natambasula linalo kuloza, "Uyo, bambo inu, uyo," ndipo m'chisangalalocho anadina. Pachithunzipo panali mtengo, thambo loyera, ndi dzanja lotambasuka, chala chili pakatikati, chooneka bwino lomwe ngati cha munthu amene waima pomwepo. Chinaphimba kambuku yense. Kunsi kwake kunkalendewera mchira wamawangamawanga basi. Dzuwa silinachifike kuseri kwa mkango kuja, choncho sichinasuluke. Mzere wa pachikhadabo unkaoneka.

A Nesi anasuzumira paphewa pa bambo ake. Anati akukumbukira chala chimenecho chikumuloza iye, tsiku limene anadula nsalu ya kasitomala kuti asokere chidole. Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, nabisa nkhope pa epuloni ya bambo ake yodzaza titsitsi ta anthu. A Lumo anamusisita pamsana, namuuza kuti akanapanda kumatula zithunzizo, amake akanakhalabe kuseri kwa mkango mpaka kanyumbako kadzagwe.

Wojambula anafunsa mwaulemu ngati achiwalitseko pang'ono. Onse awiri anakana pamodzi. Analola felemu yokha.

Atabwerera anapeza a Dazi ali pampando pomwe paja, nsalu ili m'khosi, sopo atauma patsaya, akuuza anthu a pabenchi kuti imeneyi ndi sitayilo yatsopano yochokera kunja. A Dazi anamvetsera nkhani yonse. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anati akulu amati ukayenda siya phazi, koma alamu anaona kuti phazi n'lochepa, anasiya chala.

Zithunzi zatsopano zija a Lumo sanazichotse. Anati ntchito ikuzifuna, komanso ndi mphatso ya mwana, ndipo mphatso sibwezedwa chifukwa choti yawala kwambiri. Koma pakona pa njiri sayang'ananso, chifukwa udzu wa pamenepo ndi wobwereka. Chithunzi cha kambuku anachikhomera pamwamba pa galasi, pakatikati, pamene diso la munthu wokhala pampando limafika mutu ukakhala woongoka. Malo amenewo anali opanda nyama chiyambire. A Nesi anachijambula ndi foni n'kuchitumiza pagulu la abale, nalemba kuti awa ndi agogo aakazi, ndipo wina asayerekeze kuwakonza. Mdzukulu uja anafunsa kuti nanga nkhope yawo ili kuti. A Nesi anamuyankha kuti ili kumbuyo kwa kamera, ikuseka agogo aamuna.

Masiku ano mukapita kukametetsa kwa a Lumo mudzakweza mutu pa nyamalikiti, mudzaweramira njiri, ndipo pomaliza, pofuna kuona ngati mbali zonse zafanana, adzakuuzani kuti, "Taonani kambuku." Obwera kumene amayang'ana, n'kuyang'ananso, kenako amafunsa kuti kambukuyo ali pati.

"Ali kuseri kwa chalacho," amatero a Lumo, lumo likulira. "Nyama imene tinaiona kwambiri paulendo umenewo ndi chala. Kudambo chilipo, kumtsinje chilipo. Akanandisiyira ine kamera, bwenzi pano mukuona kambuku yense."

Akatero amaleka kaye kumeta kwa kamphindi, ngati akudikira wina pabenchi kuti ayankhe. Nthawi zambiri amayankha ndi a Dazi, kuwafunsa kuti nanga iwo anaona chiyani atatsinzina muja.